Momwe mungadziwire mwala wa granite pouswa ndi kuukanda

Mwala uliwonse wa mawangamawanga anthu amangouti granite, pomwe ina ndi abale ake chabe. Kuti musiyanitse, konzani hamala, mpeni wakale, kachidutswa ka galasi ndi madzi pang'ono.

Yambani ndi kuuswa. Kunja kwa mwala kumanamiza, chifukwa mvula, dzuwa ndi ndere zimakhala zitakusintha mtundu. Tetezani maso pomenya, tizidutswa take timauluka. Kenako nyowetsani pomwe paswekapo kuti mitundu ioneke bwino.

Tsopano yang'anani njere zake. Ngati mukuziona ndi maso, zolowana zolowana popanda mpata, ndiye kuti mwalawo unachokera ku chiphalaphala chomwe chinazizirira pansi penipeni pa nthaka. Kumeneko kutentha kumachoka pang'onopang'ono, kwa zaka masauzande ambirimbiri, motero njere zimapeza nthawi yokula. Chiphalaphala chotulukira kunja chimauma msanga n'kupanga miyala ngati basalt, ya njere zosaoneka. Njere zikakula kupitirira masentimita atatu, mwalawo umatchedwa pegmatite.

Apa ndi pofunika kudekha: zindikirani njerezo imodziimodzi. Zotuwa, zooneka ngati galasi lakuda ndi utsi, ndi quartz, yemwe uja wa mu nsangalabwi zoyera. Zoyera ngati mkaka kapena zofiirira ndi feldspar, ndipo kawirikawiri ndizo zimachuluka. Tembenuzani mwalawo padzuwa, muona tinkhope tosalala ta feldspar tikuti ng'ani! kenako n'kuzima. Quartz sachita zimenezo, amasweka mokumbika. Timadontho takuda tonyezimira nthawi zambiri ndi mica. Tisomphoneni ndi nsonga ya mpeni, timasendeka ngati timapepala.

Mukakayika, kandani. Pa muyeso wa kulimba womwe katswiri wa miyala Friedrich Mohs anakonza mu 1812, momwe nambala yokwera imasonyeza cholimba kwambiri, quartz ali pa 7, feldspar pa 6, galasi ndi mpeni pafupifupi 5.5, mica osapitirira 3. Choncho quartz amalemba mzere pagalasi, ndipo mpeni umangoterereka pa iye. Ngati mpeni ukukanda mwala wonse mosavuta, iwalani za granite, mwina mwagwira mwala wofewerapo wotchedwa marble.

Chomaliza, yerekezani kuchuluka kwa quartz. Mu granite amakhala pakati pa 20 ndi 60 peresenti ya njere zoyererapo zija, quartz ndi feldspar pamodzi. Akasowa, mwala n'kukhala wa zoyera ndi zakuda pafupifupi theka ndi theka, ameneyo ndi diorite. Ukakhala wakuda bii koma njere zikuonekabe, ndi gabbro. Ena amati muuyeze m'manja, poti gabbro amalemera katatu kuposa madzi pomwe granite amalemera ka 2.7 kuposa madzi. Kunena zoona, dzanja langa silidalirika pa kusiyana kochepa chotere, ndimadalira mtundu.

Wonamiza kwambiri ndi gneiss, yemwe ali ndi njere zomwe zija za mu granite. Imani chapatali mumuyang'ane: zakuda ndi zoyera zake zimandanda m'mizeremizere, pomwe mu granite zimangomwazikana.