Kujambula mphika wakale ndi penti wa madzi

Musasankhe mphika watsopano. Ine ndimafuna uja wobenthuka pamlomo, wakuda ndi mwaye kunsi, chifukwa zipsera zimenezo ndizo zimaonetsa kuti chiwiyacho chinagwira ntchito. Ojambula a Index of American Design, ntchito ya boma la America yojambula zinthu zakale, pakati pa 1935 ndi 1942, anajambula zithunzi pafupifupi 18,000 za ziwiya, nsalu, zidole ndi mipando ya anthu wamba, ndipo pa nsalu zina mumachita kuwerenga ulusi. Lero zithunzizo zili ku National Gallery of Art, nyumba yosungiramo zaluso ku Washington.

Ikani mphikawo pafupi ndi zenera, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Pepala likhale lochindikala, la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala). Lopyapyala limakwinyika likangolawa madzi. Lembani maonekedwe a mphikawo ndi pensulo ya HB, mopepuka. Samalani ndi kamwa: n'kozungulira ndithu, koma mukakuonera cham'mbali kamaphwatalala ngati dzira logona.

Musanaviike burashi, pezani pamene mphikawo ukunyezimira, muzungulize kamzere pa chithunzi chanu. Pamenepo penti asafikepo. Mu penti wa madzi, choyera chake ndi pepala lenilenilo. Mphika wanga woyamba ndinaupaka ponseponse, ndiye unatuluka ngati chibuma cha dothi. Ndinayesa kupukuta ndi kansalu mpaka pepala kuyamba kusupuka.

Yambani ndi burnt sienna (penti wofiirira ngati katondo) wosungunula m'madzi ambiri, mupake thupi lonse kamodzi. Kenako dikirani liume, liume ndithu. Khudzani pepalalo ndi kunja kwa chala: ngati pakuzizira, madzi akadalimo. Penti ameneyu akauma amatumbuluka, choncho musachite mantha akaoneka wakuda ali wonyowa. Onjezani kachiwiri mbali ya mthunzi yokha, kachitatu m'kati mwa kamwa.

Mwaye ndiye umandisangalatsa. Penti wakuda wogula sindimugwiritsa ntchito, amapha chithunzi. Ndimasakaniza burnt sienna ndi ultramarine (penti wabuluu), ndifinye burashi pa kansalu mpaka itatsala pang'ono kuuma, kenako ndiikhwekhwereze kuchokera kunsi kupita m'mwamba. Penti amangogwira pa timabamputabampu ta pepala, n'kusiya timadontho toyera, ndendende dothi lokhakhala lomwe lapsa ndi moto nthawi yaitali.

Mng'alu ubwere pomaliza, ndi nsonga ya burashi yaing'ono, mzere wodukizadukiza. Pambali pake siyani kampata kowala. Ndipo musaiwale mthunzi wa pansi, wakuda kwambiri pamene mphika wakhudza tebulo, apo ayi uoneka ngati ukulendewera m'malere.