Momwe mungathandizire okalamba kusiya kudzandira pogwiritsa ntchito masewera a VR

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chogwa, ndipo okhudzidwa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Masewera a VR, omwe ndi masewera a pakompyuta ochititsa munthu kuona ngati ali m'kati mwa masewerawo, amathandiza chifukwa agogo amapendama, amatambasula mkono, amaponda uku ndi uku pothamangitsa mpira wa m'masewerawo, osadziwa kuti akulimbitsa miyendo. Koma chipangizo chosewerera chomwecho chikhoza kuwagwetsa mukachita nacho mopupuluma.

Yambani ndi dokotala kapena physiotherapist (katswiri wa mafizo), makamaka ngati agogo amamva chizungulire, ali ndi khunyu, kapena amamwa mankhwala a BP.

Kenako ayeseni. Adzuke pampando, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhala. Akatenga masekondi 12 kapena kupitirira, ngozi yogwa ndi yaikulu. Lembani nthawiyo.

Posankha chipangizo m'pofunika kufatsa. Kuti munthu aime osadzandira, thupi limadalira maso, mkati mwa khutu ndi zomwe mapazi akumva pansi. Chovala kumaso, monga Meta Quest, chimaphimba maso moti agogo saonanso pomwe akuponda. Ine ndimati oyamba kumene ayambire masewera oonera pa TV, monga a Nintendo Wii Balance Board (kathabwa komwe munthu amaimapo posewera), chifukwa chipinda amachionabe. Chakumaso chibwere miyendo ikazolowera. Pewaninso masewera omwe malo amathamanga munthu ali chiimire. Maso ndi khutu zikasemphana, nseru imabwera.

Chotsani makapeti oterereka, mawaya ndi timatebulo. Agogo avale nsapato zogwira bwino, osati masokosi okha.

Masiku oyamba asewere atakhala, mphindi 5 mpaka 10 basi. Akazolowera aimirire atagwira mpando wolimba, inu muli pambali, dzanja lili pafupi ndi chiuno chawo. Musatanganidwe ndi foni. Mukaona thukuta pamphumi, kapena angoti zii pakati pa masewera, afunseni msanga kuti, “Agogo, mutu uli bwanji?” Ambiri sanena okha poopa kuvutitsa. Avuleni chipangizocho, akhale kaye pansi asanayambe kuyenda.

Chitani zimenezi masiku atatu pa sabata kapena kuposa, monga WHO imalangizira okalamba pa masewera oteteza kugwa, n'kumawonjezera nthawi pang'onopang'ono. Pakatha mwezi bwerezani mayeso a pampando aja. Ngati masekondi sakutsika kapena chizungulire sichikutha, bwererani kwa dokotala.