Malangizo: Kuona ngati khanda lili tcheru m'masabata oyamba

Khanda likangobadwa, limakhala maso pafupifupi ola limodzi, lili chete, likuyang'ana. Ligonekeni pachifuwa cha amayi khungu ndi khungu, mulifunde nsalu kumsana, ndipo liyamwe ola lomwelo. Kulisambitsa kudikire maola 24. Mukathamangira kusambitsa, khanda limazizidwa ndipo kuyamwa koyamba kumachedwa.

Pambuyo pake limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku. Likadzuka, limakhala tcheru mphindi zochepa chabe.

Poyesa maso, sankhani nthawi imene layamwa ndipo silikulira. Ikani nkhope yanu masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa nkhope yake, monga zimakhalira poyamwitsa, chifukwa patali limaona mbuu. Sunthani mutu pang'onopang'ono. Maso amatsatira pang'ono n'kusiya. Kutsatira bwino ndi kumwetulira kumabwera cha m'ma sabata 6 mpaka 8. M'chikuta mukakhala mdima wambiri, tsegulani zenera, koma dzuwa lisaombe m'maso mwake. Chitseko chikamenyetseka limadzidzimuka kapena kuphethira, ndipo mawu a amayi amalikhazika mtima pansi. Likayang'ana kumbali, kuyasamula kapena kugwidwa ntchintchi, latopa. Lisiyeni lipume, musamalipatsirane m'manja alendo onse.

Vuto lalikulu ku Chikwawa ndi ku Nsanje, monganso ku chigwa cha Luangwa, ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, komwe kumapitirira madigiri 40. Khanda lokutidwa bulangete ndi chipewa masana limafooka n'kugona mopitirira, ndipo akunyumba amati ndi mwana wofatsa. Kufatsa kotero n'kokayikitsa. Chepetsani zofunda, mulidzutse maola 2 kapena 3 alionse, liyamwe ka 8 mpaka 12 usana ndi usiku. Osalimwetsa madzi ngakhale kutenthe bwanji, bere lokha likukwanira mpaka miyezi 6. Kuyambira tsiku lachisanu, matewera onyowa akhale 6 kapena kuposa pa tsiku.

Khanda latulo chabe limadzuka mukalivula kapena kulisisita kuphazi. Pitani kuchipatala msanga, ngakhale usiku, ngati silikusuntha thupi pokhapokha mutalikhudza, likukana bere, likukomoka, likupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, thupi lafika madigiri 37.5 kapena latsika pansi pa 35.5, kapenanso zikhato ndi mapazi zasanduka zachikasu. Poyenda, likhale pachifuwa cha amayi ndipo lizipatsidwa bere.