Momwe mungalembere dzina la Stanislavski ndi otsogolera zisudzo ena m'Chingerezi

Wophunzira zisudzo ku yunivesite ku Zomba, mphunzitsi amene akukonzekeretsa ana ake mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa ATEM, ngakhale mtolankhani wolemba za sewero limene waonera, onsewa sachedwa kukumana ndi dzina la Stanislavski. Chimasokoneza n'chakuti m'Chingerezi dzina la wotsogolera sewero limagwira ntchito zitatu. Pena likunena munthuyo, pena njira yake yophunzitsira ochita zisudzo, penanso lasanduka mfotokozi. Iliyonse ili ndi kalembedwe kake, ndipo wochonga chimangirizo chanu amadziwira pomwepo ngati nkhaniyo mukuidziwa kapena mwangoitola pa intaneti.

Poyamba, sankhani sipelingi imodzi n'kukakamira pomwepo. Munthuyu anali wa ku Russia, anabadwa mu 1863 n'kumwalira mu 1938, ndipo dzina lake linkalembedwa m'zilembo za Chirasha. Polisamutsira m'zilembo zathuzi, ena anamaliza ndi i, ena ndi y, choncho mupeza Stanislavski komanso Stanislavsky. M'makatalogi ena a malaibulale mulinso Stanislavskii. Palibe cholakwa pa zitatuzi. Dzina loyamba nalo lili pawiri, Konstantin ndi Constantin. Cholakwa n'kuyamba ndime ndi Stanislavski n'kukaimaliza ndi Stanislavsky. Njira yachidule ndi iyi: onani pachikuto cha buku limene mukuligwiritsa ntchito kwambiri, mutengere sipelingi ya pamenepo. Mukamaliza kulemba, fufuzani pa kompyuta zilembo zakuti "Stanislavsk" zokha, muone malo onse mmodzimmodzi. Koma mawu amene mwakopera kwa wolemba wina, kapena mutu wa buku lake, musakonze. Ngati iye analemba y, isiyeni y yakeyo.

Kachiwiri, dzina lonse limabwera kamodzi kokha, pamene mukumutchula koyamba: "Konstantin Stanislavski, co-founder of the Moscow Art Theatre". Liwu la co-founder musalidule, chifukwa gululo analiyambitsa mu 1898 pamodzi ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko. Kuchoka apo ndi Stanislavski basi. Ife tinazolowera ulemu wa "a Phiri", "bambo Banda", ndiye dzanja limayabwa kuti tiike Mr patsogolo. M'chimangirizo cha Chingerezi sachita choncho, ndipo si mwano. Kumutchula ndi dzina loyamba lokha, Konstantin, ndiye kumene kumamveka ngati munkadyera naye mbale imodzi. Dzina lake lobadwa nalo linali Alekseyev, Stanislavski linali la pa siteji, koma zimenezi zitchuleni pokhapokha ngati mukulemba mbiri ya moyo wake.

Kachitatu n'kachizindikiro ka apostrophe, ndipo apa pamagwa ambiri. Pali njira ziwiri zolondola. Mungalembe "Stanislavski's system", dzina lili ndi apostrophe ndi s, popanda the patsogolo. Mungalembenso "the Stanislavski system", the alipo koma apostrophe palibe. Zikasakanikirana n'kutuluka "the Stanislavski's system", chiganizo chathyoka mwendo. Chimodzimodzi ndi "the Meisner technique" kapena "Meisner's technique", ponena za Sanford Meisner, mphunzitsi wa ochita zisudzo wa ku America. Liwu la system siyani chilembo chaching'ono. Olemba ambiri amaliikanso m'zizindikiro zogwira mawu, chifukwa mwini wakeyo sankafuna kuti lizioneka ngati lamulo lomata.

Kenaka pali mfotokozi wothera ndi -ian: Stanislavskian, Brechtian. Chilembo choyamba chimakhalabe chachikulu ngakhale liwulo lili pakati pa chiganizo, popeza lachokera ku dzina la munthu. Koma samalani ndi tanthauzo. "Brecht's staging" ndi zimene Bertolt Brecht, wolemba ndi wotsogolera masewero wa ku Germany, mwiniwake anachita, mwachitsanzo ndi gulu lake la Berliner Ensemble limene linayamba mu 1949. "Brechtian staging" ndi za wina aliyense amene watengera kachitidwe kake, kaya ndi ku Berlin kaya m'holo ya sukulu ku Dedza. Mukalemba Brechtian, chiganizo chotsatira chionetse chimene mwaona pa siteji: wosewera waima pakati pa sewero n'kuyang'ana anthu, kuwafunsa maganizo, chikwangwani chakwezedwa chonena zimene zichitike m'gawo likubwerali, magetsi ndi zingwe zake zili poyera, osabisa. Popanda umboni wotere, liwulo langokhala chokometsera, ndipo owerenga odziwa zisudzo amazindikira msanga.

Si dzina lililonse limene limalola -ian. Brechtian ndi Stanislavskian anakhazikika, koma kwa ena ambiri n'kwabwino kutchula dzina la njirayo: Meyerhold ndi biomechanics, Jerzy Grotowski ndi poor theatre, Augusto Boal ndi forum theatre, imene magulu ochita masewero a chitukuko m'midzi kuno kwathu amaidziwa bwino. Kwa otsogolera a kuno musapange mfotokozi wanuwanu. Lembani "in the style of Du Chisiza Jr", ndipo Jr ameneyo musamusiye potchula koyamba, chifukwa mtsogoleri wa Wakhumbata Ensemble Theatre ankatchedwa dzina limodzi ndi bambo ake, Dunduzu Chisiza wandale uja.

Gawo limene limadya mamalikisi ambiri ndi ili: musalembe "Stanislavski's Method" ndi M wamkulu. The Method ndi njira ya ku America yophunzitsira ochita zisudzo. Moscow Art Theatre itakachita masewero ku New York mu 1923, anthu a zisudzo kumeneko anatengeka nazo, ndipo Lee Strasberg anakonza njira yakeyake, poyamba m'gulu la Group Theatre limene linayamba mu 1931, kenako ku Actors Studio. Strasberg anatsindika kwambiri zoti wosewera azikumba zimene zinamuchitikira m'moyo wake kuti misozi kapena mkwiyo zituluke zenizeni. Stanislavski mfundo imeneyi anali nayo, koma m'zaka zake zomaliza ankatsamira pa zochita za thupi: munthu wa m'seweroyo akufuna chiyani, ndipo akuchita chiyani kuti achipeze. Stella Adler, wosewera wa m'gulu la Group Theatre, anakaphunzira kwa Stanislavski ku Paris mu 1934 n'kubwerera akutsutsa kaphunzitsidwe ka Strasberg. Ndiye mukalemba za wosewera wa ku Hollywood amene amakana kuvula khalidwe la munthu wa m'filimu ngakhale pa nthawi ya chakudya, limenelo ndi Method acting, dzina la Stanislavski lisalowepo ngati kuti anamutuma ndi iye.

Mabuku nawo amafuna dzina lachiwiri, la womasulira. An Actor Prepares linatuluka mu 1936 litamasuliridwa ndi Elizabeth Reynolds Hapgood, pomwe An Actor's Work la mu 2008 anamasulira ndi Jean Benedetti. Mawu a njirayo amasiyana m'mabuku awiriwa. Pamene Hapgood analemba objective, Benedetti analemba task. Mukagwira mawu, nenani kuti mwatenga kwa womasulira uti. Za zimene zili m'buku gwiritsani mneni wa nthawi ino, "Stanislavski argues". Za zimene anachita pa siteji, nthawi yakale, "Stanislavski directed".

Pomaliza onani ngati owerenga angasiyanitse wolemba sewero ndi wolitsogolera. Akatswiri akamacheza amati "Brook's Dream", kunena sewero la Shakespeare limene Peter Brook anatsogolera ku Stratford, ku England, mu 1970. Inu potchula koyamba lembani zonse: "Peter Brook's 1970 production of A Midsummer Night's Dream". Chidule chibwere pambuyo. Palinso msampha wa a Chekhov awiri. Chekhovian amanena za Anton Chekhov, wolemba masewero. "The Chekhov technique" ndi ya Michael Chekhov, mwana wa mchimwene wake wa Anton, amene anaphunzira kwa Stanislavski. Onse akapezeka m'ndime imodzi, aliyense mumulembe ndi dzina lake loyamba nthawi zonse.