Kafutsidwe ndi kayanikidwe ka ndiwo zamasamba

M'miyezi ya Malichi ndi Epulo ndiwo zimachita kuwolera m'munda: nkhwani, chitambe, khwanya, bonongwe, chisoso. Pofika Okutobala banja lomwelo likusowa chothowera nsima. Makolo athu anali ndi nzeru pomwe anayamba kufutsa masamba. Chomwe chimandiwawa poyenda m'midzi n'chakuti mfutso wambiri umafika m'chikwatu utatha kale mphamvu.

Pakhomo pena ndinapeza mayi ataphika nkhwani mpaka madzi a mumphika atabiriwira. Anakhetsa madziwo n'kutaya kuseli, masamba n'kuyanika padenga lamalata dzuwa lili pamutu. Pofika tsiku lachitatu anali atafiira ngati fodya. Mayiwo anagwira ntchito yolemetsa, koma chakudya chenicheni chinapita ndi madzi aja, chotsalacho dzuwa n'kumaliza. Vitamini C amasungunuka m'madzi ndipo sapirira moto. Chinthu chomwe thupi limachisandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha ana, chimawonongeka ndi kuwala kwa dzuwa.

Kufutsa n'kofunika, musakusiye. Tsamba likathyoledwa limapitiriza kudziwononga lokha, ndipo madzi otentha ndi amene amaletsa zimenezi. Vuto ndi kutalika kwa nthawi. Thyolani masamba anthete m'mawa, tsukani musanadule, ndipo muwaviike m'madzi owira kale kwa mphindi 2 kapena 3 zokha. Mukhozanso kuwaika padengu loyera pamwamba pa mphika wowira kuti apse ndi nthunzi. Soda kapena chidulo musaike, zimapha mavitamini. Chigwada chokha ndiye chosiyana: chisinjeni ndi kuchiwiritsa mokwanira chifukwa chili ndi poizoni wachilengedwe.

Poyanika, mangani thandala pamthunzi podutsa mphepo, m'khonde kapena pansi pa chisakasa, kutali ndi nkhuku, mbuzi ndi fumbi. Yalani masamba mopyapyala pamphasa yoyera n'kumawatembenuza. Adzachedwerapo kuuma, koma adzakhala obiriwira. Magulu amene ali ndi choumitsira cha matabwa ndi pulasitiki aonetsetse kuti mpweya ukulowa pansi n'kutulukira pamwamba, ndipo kutentha kusapitirire madigiri 60. Kukatentha mopitirira, kunja kumauma msanga m'kati mukadali chinyezi, kenako chuku.

Therere lobala ndimafuna tilimvetse bwino. Kuterera kwake kumachokera ku zinthu zomwe asayansi amazitcha ma polysaccharide, timashuga tolumikizana ngati mikanda pa ulusi wautali. Thupi silizigaya ngati shuga wa mu tiyi. Zimachititsa chakudya kuyenda pang'onopang'ono m'matumbo, shuga salowa m'magazi mothamanga, ndipo munthu sadzimbidwa. Zimenezi zimasungunuka m'madzi, ndipo moto wambiri umadula ulusi uja. N'chifukwa chake therere loti muyanike musaliwiritse. Sankhani lanthete, tsukani, lisiyeni liume madzi, kenako dulani timagawo topyapyala n'kuyala pamthunzi. Mukadzalisinja n'kuphika m'chilimwe, lidzakoka pa mtanda wa nsima ngati lathyoledwa dzulo. Loumitsidwa pamalata otentha limada, ndipo mumphika silikoka bwino.

Bowa nayenso ali ndi zinthu za mtundu womwewu, koma ndi madzi pafupifupi magawo 9 mwa 10 alionse, choncho sagona. Mung'ambeni tsiku lomwelo n'kuyanika podutsa mphepo yambiri. Ndipo chonde, yanikani bowa yekhayo amene mukumudziwa bwino, chifukwa kuyanika sikuchotsa poizoni.

Kumafakitale kuli makina oumitsa ndiwo pozizizira kwambiri, ndipo amasunga mtundu ndi michere kuposa njira zonse, koma mtengo wake si wa mlimi wa kumudzi. Mthunzi ndi mphepo tili nazo kwaulere.

Musathamangire kusunga. Tengani masamba pang'ono mufinye m'manja: akafumbutuka, auma, akapindika, abwezereni pathandala. Akazizira, mangani m'chikwatu kapena ikani m'chigubu chouma chotseka bwino, pamalo amdima osakhudza pansi. Muzitsegula kamodzi pamwezi, ndipo mukamva fungo la chuku kapena kuona timadontho toyera, gawo limenelo tayani, musapatse ana.