Momwe mungakonzekerere musanayambe kukonza ndege yaikulu

Ndege ikangoima mu hanga (nyumba yokonzeramo ndege), musathamangire sipanala. Yambani ndi matayala. Ikani ma chock, zotchinga kuti matayala asagubuduke, kutsogolo ndi kumbuyo, mabuleki okha musawadalire. Mu 2007 ku Toulouse, Airbus A340-600 yatsopano inakawomba chipupa akuyesa mainjini, matayala ake alibe ma chock. Mukatero lowetsani mapini m'miyendo ya ndege kuti isapindike munthu ali pansi.

Kenako haidiroliki, mafuta apresha amene amayendetsa miyendo ndi zitseko za matayala. Ndege zambiri presha yake ndi 3,000 psi, pa Boeing 787 ndi Airbus A380 imafika 5,000. Chitseko cha matayala chikatsekeka ndi mphamvu imeneyo, mkono sutulukamo wamoyo. Tsitsani presha, kokani ma circuit breaker (zodulira magetsi) amene buku la ndegeyo likunena, mupachikepo chikwangwani cha dzina lanu. Magalasi valani, mafuta a haidiroliki otchedwa Skydrol akadonthera m'maso amawotcha koopsa.

Apa pokha chonde musafulumire. M'mbali mwa ndege muli timabowo ta static, ndipo pamphuno pali ma pitot. Izi ndi zomwe zimauza woyendetsa liwiro komanso kutalika komwe ali. Potsuka kapena popenta timazitseka kuti madzi asalowe. Usiku wina zophimba zofiira zinatithera, wina n'kumata tepi wotuwa, wofanana ndendende ndi thupi la ndege, osalemba paliponse. Shifiti inasintha. Anthu anaizungulira ndegeyo osaona kanthu, mpaka tochi inagwa pa kangodya ka tepiyo komwe kanali katatukuka. Thupi linandizizira, chifukwa tepi wotereyu ndiye anagwetsera ndege ya Aeroperú 603 m'nyanja mu 1996. Inali Boeing 757, ndipo anthu onse 70 anafa. Choncho chotsekera chikhale chofiira, chokhala ndi kansalu kakatali kolendewera. Chilembeni m'buku nthawi yomweyo, osati mukamaweruka. Lembani kuti mwatseka mabowo angati. Wochotsa awerenge, asaine, ndipo munthu wina akayang'ane bowo lililonse pafupi, osati ataima patali. Zophimba zenizeni n'zodulirapo kuposa tepi, inde, koma gulani zochuluka zisamathe usiku.

Za kugulazi, chenjerani ndi ogulitsa otchipitsa modabwitsa. Chipangizo chobwera opanda pepala lotsimikizira kuti n'chovomerezeka, EASA Form 1 kapena FAA 8130-3, chibwezeni. Pepalalo nalonso lifufuzeni kwa amene akuti anasaina, poti mu 2023 kampani ina ya ku London inapezeka ikugulitsa zipangizo za injini za CFM56 ndi mapepala abodza.

Makwerero ndi ma stand asakhudze thupi la ndege, siyani mpata ndipo mangani mabuleki ake. Mukagunda 787 kapena Airbus A350 nenani ngakhale pasakuoneka chibonthi, chifukwa composite, ulusi wolimba womatidwa pamodzi umene anapangira thupi la ndegezi, imatha kung'ambika mkati kunja kuli bwinobwino. Tayala liphwetseni musanamasule. Zida werengani poyamba ndi pomaliza, ndipo ikasowa soketi imodzi, mapanelo asatsekedwe mpaka ipezeke.