Mmene mungawafotokozere ana obadwira ku Joni za Napolo ndi anzake

Mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu kuno ku Rosettenville ndi nkhani ya tokoloshe, akuti ndi kakafupi kaubweya, kamameza kamwala kuti kasaoneke ndiye anthu amakweza bedi pa njerwa. Amaidziwa mpaka pansi. Nditamufunsa za Napolo anangoti kakasi. Zinandiwawa abale, nde ndinayamba kumawakhazika pansi, ndipo ndimapanga chonchi.

Nthano sitinena masana, dikirani usiku mukadya nsima, makamaka tsiku loti magetsi athima, mafoni onse pa tebulo. Inu muziti padangokhala, iwo azivomera tili tonse, akapanda kuvomera musapitirize.

Yambirani pa chomwe akudziwa kale. Poti kakafupi akukadziwa, atengereni ku phiri la Mulanje kwa Amwandionerapati, tianthu tatifupi tamauta ndi mivi tomwe tikakumana nawe timafunsa kuti wandionera pati? Ukati pompano basi wapalamula chifukwa wakanyoza msinkhu, uyenera kunena kuti kutali uko ndithu. Apa seweretsani mwana, inu mugwade mukhale kamunthuko iye aziyankha, sadzaiwala. Muwauzenso kuti nsonga yake ndi Sapitwa, mamita 3,002, amve dzinalo tanthauzo lake, komanso zoti ukapeza chakudya chophikaphika kuphiriko umadya wekha osaitana mnzako.

Napolo musamuthamangire, ameneyu ndi mwini nkhani. Ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chikafuna kusamuka kupita kunyanja phiri limang'ambika, madzi matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zonse zimatsika nacho, pomwe chadutsa pamatsala chinjira chofiira. Mawu muzitsitsa, kugunda kwake muzipanga ndi chibakera pa tebulo. Koma chonde mangirirani nkhaniyi ku malo enieni, isamveke ngati katuni. Anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, anadzadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi, ndipo namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa Chilobwe mu 2023 anthu ambiri anatchulanso dzina lomweli. Pamenepa kuseka ayi, anthu anafa ndipo ena tili nawo konkuno anataya abale awo. Wamkuluko muuzeni mbali inayo, yoti mvula ikagwa masiku angapo dothi lapaphiri limakhuta madzi nkutsetsereka, makamaka pomwe mitengo inadulidwa. Ine zonse ziwiri ndimanena, sizilimbana.

Akakauza anzawo achizulu kusukulu adzamva za inkanyamba, njoka ya pa mathithi a Howick ku KwaZulu-Natal yomwe akuti imabweretsa mphepo yamkuntho, mwana wanga anabwera akudumpha kuti ndi msuweni wa Napolo.

Ndondocha zisiyeni kaye mpaka akule, munthu wodulidwa lilime wolira usiku kuseri kwa nyumba si nkhani ya mwana wa zaka 5. Komanso zilombozi musaziopsezere mwana kuti agone msanga, adzadana nazo.

Pomwe mwaiwala musapeke. Tumizani meseji pa WhatsApp kumudzi agogo ajambule mawu awo, anawo amve Chichewa chenicheni, nyimbo yapakati pa nthano aziyimba nawo. Ikatha muziti kaphuleni mbatata, iwo ayankhe kuti yapserera, kenako kukagona.